Buledi wa Atsamunda, Chuma cha Othawa Kwawo

 Nkhani yathu ya mbiri ya maiko lero yachokera m'kalata. Mnyamata wina amene ali pa maphunziro mumzinda wa London watilembera kuti tsiku lina mnzake wa m'kalasi anamgulira sangweji ya anthu a ku Vietnam, imene eni ake amaitcha bánh mì, ndipo anaikonda koposa. Patapita masiku anakagula yekha m'sitolo ina yaikulu pafupi ndi kumene amagona, koma imene anapezayo inali yozizira, buledi wake wotafunika ngati chikumba, zam'kati mwake zosamveka mchere. Tsono akufunsa kuti: kodi munthu angaipeze kuti sangweji yeniyeni ya mtundu umenewu, nanga angaizindikire bwanji?

Mwina ena mwa inu mukudabwa kuti funso la chakudya lalowa bwanji m'pologalamu ya mbiri. Chifukwa chake n'chakuti funsoli silingayankhidwe bwino popanda mbiri. Malo amene bánh mì wabwino amapezeka lero anasankhidwa ndi nkhondo, ndi mabwato, ndi misasa ya othawa kwawo. Munthu amene wadziwa njira imene anthu a ku Vietnam ayenda m'zaka zoposa 160 zapitazi sasochera pofunafuna buledi wawo, ndipo akampeza amamudya ndi ulemu. Choncho ndikupemphani kuti mudekhe. Tifika ku London, koma tidzera ku Saigon.

Tiyeni tiyambe ndi mapu, monga tinkachitira kusukulu. Dziko la Vietnam lili kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Ndi lalitali, lopapatiza, lotsamira nyanja yamchere. Kumpoto kwake kuli chigwa chachikulu kumene kuli mzinda wa Hanoi, ndipo kum'mwera kuli chigwa cha mtsinje wa Mekong, choyandikana ndi mzinda wa Saigon. Zigwa zonse ziwirizi n'zampunga. Kwa anthu a kumeneko mpunga uli monga nsima kwa ife, kotero kuti m'chinenero chawo kunena kuti munthu akudya chakudya ndi kunena kuti akudya mpunga. Tirigu sachita bwino m'dziko lotentha ndi lachinyontho chotero, ndipo kufikira lero tirigu wa buledi wawo amachokera kunja, ku maiko monga Australia. Nanga tsono buledi anafikako bwanji?

Anafika pa sitima zankhondo. Mu Sepitembala 1858 Afalansa, mothandizidwa ndi asilikali a ku Spain, anaukira doko la Da Nang. Atalephera kulowera kumtunda anatembenukira kum'mwera, nalanda Saigon mu Febuluwale 1859. Pa pangano la 1862 mfumu Tu Duc inawapatsa zigawo zitatu za kum'mwera. Mu 1867 analanda zitatu zina, ndipo dera lonselo linatchedwa Cochinchina. Pofika 1887 anali atamanga pamodzi Vietnam yense ndi Cambodia pansi pa dzina lakuti Indochina, Laos nalowamo pambuyo pake. Msilikali wa Chifalansa sakanatha kukhala tsiku popanda buledi, monganso bwanamkubwa, wansembe ndi wamalonda. Matumba a ufa ankadza pa sitima, ndipo ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869 ulendowo unafupika kwambiri.

Pamaso pa eni dziko buledi ameneyu poyamba anali chinthu chamanyazi. Mu Disembala 1861 alimi a ku Can Giuoc, kum'mwera kwa Saigon, anaukira msasa wa Afalansa atanyamula zikwanje ndi nsungwi zosongola, ndipo ena mwa iwo anafera pomwepo. Mlakatuli wosaona, Nguyễn Đình Chiểu, anawalembera ndakatulo ya maliro, imene ana a sukulu a ku Vietnam amaiphunzira mpaka lero. M'ndakatulomo iye anatchula buledi ndi vinyo ngati malipiro onyansa a anthu amene analowa usilikali wa adani. Taonani tsono pamene nkhani yathu ikuyambira. Liwu lakuti bánh mì likuoneka m'zolembedwa zakalezo ngati chizindikiro cha munthu wogulitsa dziko lake chifukwa cha mimba.

Komatu njala siifunsa kumene chakudya chachokera. Amene ankakanda ufa ndi kusonkhezera moto m'mauvuni a Afalansa anali eni dziko, pamodzi ndi Matchaina a ku Cholon, mzinda wa malonda wogundana ndi Saigon. Iwowa anaphunzira luso lonse ndi manja awo, ndipo luso la m'manja mtsamunda sangalilande. Pang'ono ndi pang'ono buledi anatuluka m'nyumba za Azungu nalowa m'misewu, atanyamulidwa m'madengu ofunditsidwa ziguduli kuti asazizire. Anthu a kumpoto ankamutcha bánh tây, ndiko kunena kuti chakudya cha Azungu. A kum'mwera ankamutcha bánh mì. Liwu lakuti bánh limanena zakudya zonse zoumbidwa ndi ufa, pamene mì ndi tirigu. Dzina la kum'mwerali ndilo linapambana, ndipo n'kofunika kukumbukira kuti kwa eni ake limatanthauza buledi yemweyo, kaya muli kanthu m'kati kaya mulibe.

Afalansa ankadya buledi wawo pa tebulo. Pambale pankakhala batala, tchizi, nyama yankhumba yozizira yodulidwa mopyapyala, ndi chiwindi chosinja chimene iwo amachitcha pâté. Zonsezi zinali zodula, zambiri zochokera ku Ulaya m'zitini, kotero munthu wamba, mbadwa ya dzikolo, ankangoziona ndi maso. Iye ankadya buledi wopanda kanthu, kapena kumuwaza shuga, kapena kumuviika mu mkaka wa m'chitini. Komabe maina a zakudyazo analowa m'chinenero chawo, monga momwe ife tinatengera supuni, foloko ndi buledi yemweyo kwa Angerezi. Batala amati bơ, tchizi amati phô mai, khofi amati cà phê, ndipo mawu onsewa ndi a Chifalansa opindidwa ndi lilime la ku Vietnam.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, inasintha zinthu ziwiri. Choyamba, anthu a ku Indochina oposa 90,000 anatengedwa kupita ku France, ena kukamenya nkhondo, ena kukagwira ntchito m'mafakitale a zida, ndipo amene anabwerera anali atazolowera buledi wa tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, sitima zonyamula ufa zinachepa, choncho ophika ena anayamba kusakaniza ufa wa mpunga kuti wa tirigu ufike patali. N'chifukwa chake kufikira lero anthu ambiri amakhulupirira kuti chinsinsi cha bánh mì chagona pa ufa wa mpunga. Koma ophika ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito ufa wa tirigu wokhawokha. Kupepuka kwa buledi wawo kumachokera m'kukanda kwambiri, m'kuusiya mtanda kuti ufufume mokwanira, ndi m'nthunzi imene amailowetsa mu uvuni wotentha. Chimatuluka ndi kabuledi kakafupi, kotalika masentimita pafupifupi 20, ka khungu lopyapyala, m'kati mwake mofewa ngati thonje.

Ulamuliro wa Afalansa unatha ndi mfuti, monga unayambira. Pa 2 Sepitembala 1945 Ho Chi Minh analengeza ufulu wa dziko lake ku Hanoi. Afalansa anakana, nkhondo inabuka mu 1946, ndipo pa 7 Meyi 1954 linga lawo la Dien Bien Phu linagwa. Pa msonkhano wa ku Geneva mu Julayi chaka chomwecho dziko linadulidwa pakati, malire nakhala mtsinje wa Ben Hai: kumpoto boma la Chikomyunizimu, kum'mwera boma lotsamira maiko a Azungu. Anthu anapatsidwa masiku 300 oti asankhe mbali, ndipo oposa 800,000, ambiri a iwo Akatolika, anachoka kumpoto kutsikira kum'mwera. Uku ndiko kusamuka koyamba m'nkhani yathu. Afalansa anakwera sitima zawo, koma mauvuni anatsala, ndipo Saigon inadzaza ndi alendo ofuna pogwira.

Pakati pa alendowo panali banja lina la ku Hanoi limene mu 1958 linatsegula kasitolo m'dera lachitatu la Saigon, nalikatcha Hòa Mã, dzina la malo a kwawo. Poyamba ankagulitsa monga mwa mwambo wa Afalansa, buledi payekha, nyama pambale. Koma ogula awo anali ana a sukulu, makalaliki ndi anthu a ntchito zamanja, opanda nthawi yokhala pansi ndi mpeni ndi foloko. Eni sitolo anayamba kumng'amba bulediyo m'mbali ndi kuikamo zonse, kuti munthu anyamule chakudya chake m'dzanja limodzi akuthamangira ku ntchito. Sitolo imeneyi, imene ili pa msewu wa Cao Thắng, imawerengedwa pakati pa zoyamba kugulitsa bánh mì monga tikumdziwira lero. Ena ambiri anachita chimodzimodzi m'zaka zomwezo, ndipo nzeruyo inafala mumzinda monse.

Tsopano tiyeni timtsegule bánh mì ameneyu tione zimene anthu a ku Saigon anaikamo, pakuti chilichonse chili ndi kwawo. Kwa Afalansa anatengako buledi, chiwindi chosinja, ndi mayonezi, amene analowa m'malo mwa batala wodula. Kuchokera ku Switzerland, kudzera mwa Afalansa omwewo, kunabwera msuzi wakuda wa Maggi, umene amadonthezamo pang'ono. Kwa Matchaina a ku Cholon anatengako nyama yankhumba yowotcha yofiira ndi timibulu ta nyama yogaya totchedwa xíu mại. Zawozawo ndi izi: chả lụa, nyama yankhumba yosinjidwa mpaka kusalala, yothiridwa msuzi wa nsomba zosungidwa mu mchere, yokulungidwa m'masamba a nthochi ndi kuphikidwa, ndiponso đồ chua, karoti ndi muzu wina woyera wautali, zodulidwa ngati timitengo ta machesi ndi kuviikidwa mu viniga ndi shuga. Pamwamba amaikapo nkhaka, tsabola wamuwisi ndi masamba onunkhira a koriyanda.

Kuikamo masamba ndi zowawasa kunali nzeru ya umphawi, pakuti nyama yochepa inkakwanira anthu ambiri ndipo mtengo unatsika mpaka wokoka ngolo anatha kugula. Koma inalinso nzeru ya lilime. Mphika wa ku Vietnam sulola kuti chonona chikhale chokha: pamene pali mafuta payenera kukhala chowawasa, pamene pali mchere pakhale kakutsekemera, pamene pali chofewa pakhale chokukutika. Mbale ya Mfalansa inali yolemera ndi yonona, yoyenera dziko lozizira. Anthu a ku Saigon anaipepuza kuti igwirizane ndi dzuwa la kwawo. Chakudya chimene mlakatuli uja anachitcha chamanyazi chinali chitasanduka chawochawo pasanathe zaka 100.

Nkhondo inabweranso. Mu Malichi 1965 asilikali a ku America anatsika pa gombe la Da Nang, doko lomwe lija Afalansa anayambira. Pamodzi ndi zida, America inkatumiza ufa wa tirigu ku South Vietnam pansi pa lamulo lake la 1954 lopereka ku maiko ena chakudya chotsala cha alimi ake. Ufa unachuluka, buledi natsika mtengo. Nthawi yomweyo mabomba ndi nkhondo ya m'midzi zinathamangitsira anthu miyandamiyanda ku Saigon. Mayi wamasiye amene munda wake unapsa ankatha kupeza kangolo kokankha, kabokosi kagalasi ndi mbaula yamakala yotenthetsera buledi, n'kuima pamphambano kuyambira m'bandakucha. Ana ambiri a mumzindawo analipiriridwa sukulu ndi tingolo timeneti.

Pa 30 Epulo 1975 Saigon inagwa m'manja mwa asilikali a kumpoto. Chaka chotsatira dziko linalumikizidwa, mzindawo nupatsidwa dzina lakuti Ho Chi Minh City. Zaka khumi zotsatira zinali zowawa. Boma linatenga malonda m'manja mwake, chakudya chinkagawidwa ndi makuponi, ndipo ngakhale mpunga unkasakanizidwa ndi chinangwa ndi mbatata. Mu 1978 malonda a anthu wamba a kum'mwera anatsekedwa, ndipo amene anapwetekeka koposa anali Matchaina a ku Cholon. Bánh mì wodzaza nyama anasanduka chinthu chongokumbukira. Anabwereranso m'misewu pambuyo pa Disembala 1986, pamene chipani cholamula chinayamba ndondomeko yotchedwa Đổi Mới, yolola anthu kuchitanso malonda awo. Koma pofika nthawi imeneyo bulediyo anali ataoloka kale nyanja.

Uku ndiko kusamuka kwachiwiri, ndipo ndiko kumene kwagona yankho la kalata ija. Mu 1975 anthu pafupifupi 130,000 anatengedwa kupita ku America, nasungidwa m'misasa inayi ya asilikali, wodziwika kwambiri ukhala Camp Pendleton ku California. Pambuyo pawo panadza anthu a m'mabwato. Pakati pa 1975 ndi 1995 anthu pafupifupi 800,000 anafika amoyo pa magombe a maiko oyandikana nawo, atayenda m'timabwato ta asodzi todzaza mopitirira muyeso. Ambiri ena anathera m'nyanja chifukwa cha namondwe, ludzu ndi achifwamba a pamadzi. Opulumuka anadikira miyezi, ena zaka, m'misasa monga Pulau Bidong ku Malaysia, Galang ku Indonesia ndi ya ku Hong Kong. Msonkhano wina wa ku Geneva, mu Julayi 1979, ndiwo unachititsa maiko a Azungu kulonjeza kuwalandira ochuluka.

Taganizirani munthu wotsika ndege m'dziko lachilendo, chinenero sachidziwa, makalata ake a sukulu alibenso ntchito, m'thumba mulibe kanthu, kumbuyo kwake kuli ana asanu. Kodi agwira chiyani? Malonda a buledi safuna mpamba waukulu, ndipo safuna mawu ambiri. Wogula aloza ndi chala, wogulitsa atchula mtengo. Chimene amafuna ndi tulo tochepa ndi manja ambiri, ndipo zimenezi banja la othawa kwawo linali nazo. Bambo ankadzuka pakati pa usiku kukakanda ufa, mayi nadula karoti ndi kuphika nyama, ana pochoka kusukulu naima pa kauntala n'kumamasulira Chingerezi. Ogula oyamba anali anzawo othawa nawo, ofuna kulawa kwawo asanapite ku fakitale. Motero sitolo za bánh mì zinamera pamalo pomwe anthuwo anakhazikika, kumene nyumba za lendi zinali zotsika mtengo.

Ku California ambiri ochokera ku Camp Pendleton anakhazikika m'boma la Orange County. Msewu wa Bolsa Avenue, m'tauni ya Westminster, unadzaza ndi sitolo zawo, ndipo mu 1988 deralo linapatsidwa mwalamulo dzina lakuti Little Saigon. Kumpoto kwake, ku San Jose, banja lina limene linayamba ndi galimoto yogulitsira chakudya linatsegula Lee's Sandwiches mu 1983, ndipo malondawo anakula mpaka kukhala ndi nthambi m'mizinda yambiri. Ku Houston sitolo zotere zandandalika pa Bellaire Boulevard, ku Chicago pa Argyle Street, ndipo pafupi ndi Washington pali msika wa Eden Center, ku Falls Church, umene unatsegulidwa mu 1984. Malo onsewa ali kutali ndi misewu ya alendo odzaona dziko. Ali kumene othawa kwawo anapeza pogona.

Ku New Orleans nkhani yake ndi yokoma mwapadera. Mzinda umenewu nawonso unamangidwa ndi Afalansa, ndipo uli ndi sangweji yakeyake ya buledi wamtali yotchedwa po' boy. Mabanja a Chikatolika a ku Vietnam, ambiri a iwo omwe aja anathawa kumpoto mu 1954, anakhazikika kum'mawa kwa mzindawo, nathawa kachiwiri m'moyo umodzi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 banja lina linatsegula bekale ya Dong Phuong pa msewu wa Chef Menteur Highway. Mphepo yamkuntho ya Katrina itamiza mzindawo mu 2005, anthu a ku Vietnam anali pakati pa oyamba kubwerera ndi kumanganso. Mu 2018 bekale imeneyi inalandira mphotho ya James Beard, imene ndi ulemu waukulu pa nkhani ya zakudya ku America.

Ku Australia bwato loyamba linafika pa doko la Darwin mu Epulo 1976, muli amuna asanu. Otsatira awo anakhazikika ku Cabramatta mu Sydney, ndi ku Footscray, Richmond ndi Springvale mu Melbourne, ndipo ambiri analowa ntchito ya mabekale a buledi wamoto, kotero kuti lero bánh mì ndi nkhomaliro wamba ya omanga nyumba ndi makalaliki a m'dzikomo. Ndipo ku Paris, m'dera la 13 la mzindawo, m'misewu ya Avenue d'Ivry ndi Avenue de Choisy, zidzukulu za atsamunda zimaima pamzere kugula kwa zidzukulu za olamulidwa aja. Buledi anabwerera kwawo atavala zovala zina. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Pano mlendoyo anabweza kalumo kwa mwini wake atakanola.

Tafika tsopano ku London, kwa mnyamata wathu. Mu 1979 boma la Margaret Thatcher linavomera kulandira anthu 10,000 kuchokera m'misasa ya ku Hong Kong. Ambiri mwa iwo anali a kumpoto kwa Vietnam ndiponso a mtundu wa Chitchaina. Boma linawamwaza m'matauni ang'onoang'ono m'dziko monse poganiza kuti adzazolowera msanga, koma kusungulumwa kunawagwira, ndipo pang'onopang'ono anasonkhananso ku London, Birmingham ndi Manchester. Popeza bánh mì wodzaza zinthu anali mwana wa ku Saigon, ndipo anthuwa anali a kumpoto, sangwejiyi inachedwa kufala ku Britain poyerekeza ndi ku California kapena ku Sydney. Komabe kumene anasonkhana n'kodziwika: ku Hackney, pa Kingsland Road ndi Mare Street, ndi kum'mwera kwa mtsinje wa Thames, ku Deptford. Mphwanga, kwera basi upite kumeneko.

Ukafika, kapena inu ena mukafika mumzinda uliwonse wa maiko amene tatchulawa, nazi zizindikiro. Choyamba, funsani kumene anthu a ku Vietnam amagula mpunga ndi ndiwo zawo, kapena kumene amapemphera, pakuti bekale yabwino siikhala kutali ndi malo amenewo. Safunsa anadya phula. Chachiwiri, pitani m'mawa kapena nthawi ya nkhomaliro isanapitirire, ndipo yang'anani amene ali pamzere. Mukaona agogo akugula buledi wopanda kanthu khumi nthawi imodzi kupita naye kunyumba, mwafika. Chachitatu, onani ngati sangwejiyo akuikonza inu mukuona. Yokonzeratu, yokulungidwa m'pulasitiki ndi kugonekedwa m'firiji, yafa kale, chifukwa chinyontho cha zam'kati chimalowa m'khungu la buledi. Imeneyo ndiyo anagula mnyamata wathu.

Chachinayi ndi buledi mwini wake. Mukamnyamula adabwitse ndi kupepuka kwake. Mukamfinya pang'ono khungu lake lithetheke ngati udzu wouma pamoto, ndipo mukaluma nyenyeswa zigwere pamalaya. Buledi amene akulimbana ndi mano, kapena kupweteka m'kamwa, si wake. Chachisanu, pa kuluma kumodzi mumve zonse pamodzi: kunona kwa chiwindi, mchere wa nyama, kuwawasa kwa karoti, kuzizira kwa nkhaka, ndi ukali wa tsabola pomalizira. Pa bolodi la mitengo mudzaona mawu awa: đặc biệt ndiyo yapadera, ya nyama zozizira zamitundumitundu, thịt nướng ndi nkhumba yowotcha, gà ndi nkhuku, ốp la ndi mazira okazinga, chay ndi yopanda nyama. Inu amene simudya nkhumba chenjerani, pakuti chiwindi chosinja chija kawirikawiri chimakhala cha nkhumba, ndipo ena amachipaka ngakhale mu sangweji ya nkhuku. Nenani poyambirira.

Lero dzina la bánh mì lafika patali. Mu Malichi 2011 linalowa mu mtanthauziramawu wamkulu wa Chingerezi wa Oxford, ndipo mu 2023 mzinda wa Ho Chi Minh City unachita chikondwerero chake choyamba cha buledi ameneyu. Koma kutchuka kuli ndi mbali ina. Kwa zaka zambiri ku America sangwejiyi inkagulitsidwa madola awiri kapena atatu, ndipo ogula anazolowera kuganiza kuti chakudya cha othawa kwawo chiyenera kukhala chotsika mtengo mpaka kalekale. Iwo sankaona kuti kutsikako kunkalipiridwa ndi tulo ta bambo ndi manja a ana osalandira malipiro. Ana aja anaphunzira, ambiri ali pa ntchito zina, monga makolo awo ankafunira, lendi yakwera, okalamba akutopa. Tsono mukapeza bekale ya banja imene yakweza mtengo pang'ono, musanyinyirike. Mukulipira ntchito imene kale inkagwiridwa ulere.

Ife amene timadya nsima sitiyenera kudabwa ndi nkhani imeneyi. Chimanga chinachokera ku America, chinafika kuno kudzera kwa amalonda a kugombe makolo athu akudya mapira ndi mawere, koma lero palibe angatiuze kuti nsima si yathu. Chakudya chimakhala cha amene wachikhetsera thukuta ndi kulera nacho ana. Anthu a ku Vietnam analandira buledi kwa adani, anamkana, anamphunzira, anamsintha, ndipo tsiku la tsoka litafika anaoloka naye nyanja m'mitu mwawo, popeza m'bwato munalibe malo a katundu.

Mphwanga wa ku London, ukakaima pa kauntala ku Hackney kapena ku Deptford, ukapereke moni kwa mayi amene akukung'ambira bulediyo, ndipo ukalandire ndi manja awiri monga anakuphunzitsa kwanu; kwawonso ulemu ndi womwewo. Ukatilemberenso kutiuza mmene wayendera.